Mawu a mwana wotchona opangidwa ndi kompyuta: ngati amayi sangasiyanitse, pali vuto?

Funso: "Ndimakhala ku Namwera ndi amayi anga a zaka 78. Maso awo ali ndi ng'ala ndipo amamwa mankhwala a BP. Mlongo wanga wamkulu anapita ku Joni kalekale, ndipo patha zaka ziwiri osaimba foni kapena kutumiza kanthu. Tikudziwa kuti ali moyo chifukwa anyamata akwathu amamuona. Amayi anayamba kukana chakudya, ndiye ine ndinayamba kumawapatsa ndalama zanga za geni n'kumanena kuti watumiza ndi iyeyo. Chiyambireni akudya ndipo akugona bwino. Tsopano mwana wanga wa ku koleji akuti pali pulogalamu yoti ikamva ma voice note akale a pa WhatsApp imatha kulankhula ngati amalume akewo. Akuti agogo sangasiyanitse. Ngati iwo akusangalala ndipo sadzadziwa, cholakwika n'chiyani?" Mayi wa ku Namwera, Mangochi.

Yankho: Mayi, funso limeneli lazunguza mitu anthu ophunzira kwa zaka zambiri, choncho musadzione ngati munthu woipa poti mwalifunsa. Ndiyambe ndi pomwe ndaima: mawuwo musapange, ndipo nkhani ya ndalamayo muyambe kuimasula pang'onopang'ono. Komabe sindikuyankhani ndi mawu achidule oti bodza ndi bodza basi, chifukwa pali zinthu zina zopanga zomwe zimathandizadi munthu, ndiponso pali okalamba ena omwe kuwauza zoona tsiku ndi tsiku kumakhala kuwazunza. Tiyenera kuona kuti amayi anu ali mbali iti.

Mu 1974 katswiri wa filosofi wa payunivesite ya Harvard ku America, Robert Nozick, anapereka fanizo m'buku lake lotchedwa Anarchy, State, and Utopia. Anati tiyerekeze kuti pali makina oti akawalumikiza ku ubongo wako umamva chilichonse chomwe ukufuna, ndipo uli m'menemo sudziwa kuti ndi makina. Tilibweretse kwathu kuno. Msodzi wa ku Makanjira wagona m'thanki ya madzi, mawaya ali kumutu, koma iye akuona kuti ali panyanja usiku, nyali zikuwala, chilimira chikulemera ndi usipa. Kuzizira kwa mwera akukumva pakhungu, zingwe zikumutupitsa manja, kukacha amalonda akumukhamukira padoko. Usiku uliwonse ndi wotero, palibe tsiku lobwerako chimanjamanja. Nozick anafunsa kuti: ungalole kulowamo moyo wako wonse? Iye ankakhulupirira kuti ambiri angakane, ndipo anapereka zifukwa zitatu. Timafuna kuchitadi zinthu, osangoti kumva ngati tazichita. Timafuna kukhala anthu amtundu wina wake, olimba mtima kapena owolowa manja, pomwe wogona m'thanki uja sali wolimba mtima ngakhale wamantha, wangogona. Ndipo timafuna kukhudza dziko lomwe lilipodi, osati lomwe munthu wina watilembera.

Ndi fanizoli Nozick ankalimbana ndi chiphunzitso chakale cha Epicurus wa ku Greece, chomwe Jeremy Bentham wa ku England anachikuza mu 1789, choti ubwino wa moyo wa munthu uli m'chisangalalo chomwe akumva ndipo kuipa kwake kuli mu ululu womwe akumva. Mwana wanu, kaya anaziwerenga kaya ayi, waima pamenepa. Ndipo sanaime pamchenga. Funso lake ndi lolemera: chinthu chomwe sichinafike m'khutu, m'maso kapena mumtima mwa agogo chingawapweteke podzera pati?

Mu 2010 katswiri wina wa filosofi, Felipe De Brigard, analitembenuza fanizo lija. Anauza ophunzira a payunivesite ku America kuti ayerekeze kuti moyo wonse womwe akhala nawo mpaka lero ndi wa m'makina, n'kuwafunsa ngati akufuna kutulukamo. Omwe sanauzidwe kuti kunjako kuli zotani, pafupifupi theka anasankha kukhalabe m'makina. Omwe anauzidwa kuti kunjako iwo ndi akaidi a m'ndende yoopsa, 87 pa 100 alionse anakana kutuluka. Ofunsidwawo anali ochepa, ndiye tisazitenge ngati lamulo, koma zikutiuza zinthu ziwiri. Gawo lina la kukana makina ndi kungoopa kusiya zomwe tazolowera. Ndiponso choonadi chikawawa kwambiri, anthu ambiri amalola kuchisinthanitsa ndi mtendere. Munthu amene angakuuzeni kuti zoona zimaposa chilichonse nthawi zonse sanaonepo mayi wokalamba akukankha mbale ya nsima.

Ndiye makina a Nozick paokha sagamula mlandu wanu. Chomwe chimathandiza ndi kufunsa kuti chinthu chomwe chikutsanziridwacho ntchito yake n'chiyani kwa mwini wake.

Zinthu zina ntchito yake yonse ili m'kumva. Munthu wakhala pamalo odyera pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, waitanitsa chambo, amubweretsera makumba a padamu okazinga bwino, tsabola ndi mandimu pambali. Wadya, wanyambita zala, wapita. Ngati analipira mtengo wa chambo cha m'nyanja amubera, ndipo umenewo ndi mlandu wa ndalama, koma nkhomaliro yake sinachepe kukoma. Chitsanzo cholemera kuposa ichi chili kuchipatala. Ku Seattle, mzinda wa ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ofufuza awiri, Hunter Hoffman ndi David Patterson akhala akuveka odwala opsa ndi moto magalasi a VR, omwe amaonetsa dziko lopangidwa ndi kompyuta, pa nthawi yotsuka mabala, yomwe ndi nthawi yowawitsitsa. Wodwalayo amaona ngati akuyandama m'chigwa chozizira cha madzi oundana, akugenda zinthu zomwe zikumudutsa. Odwala amanena kuti ululu umachepa, chifukwa ubongo ukatanganidwa kwina sulabadira bala mokwanira. Chigwacho kulibe, koma kuchepa kwa ululu n'koona. Ndipo gwirani mfundo iyi, tibwereranso kwa iyo: palibe wodwala amene ananamizidwa. Aliyense ankadziwa kuti wavala magalasi. Chimodzimodzi mu 2010 Ted Kaptchuk wa ku Harvard anayesa odwala 80 a vuto la m'mimba losatherapo. Ena anawapatsa mapilitsi opanda mankhwala atawauza poyera kuti mulibe mankhwala, ndipo patatha milungu itatu iwowa ananena kuti akupezako bwino kuposa omwe sanapatsidwe kanthu. Chinthu chopanga chikhoza kutonthoza popanda kubisa kuti n'chopanga.

Zina ntchito yake ili kunja kwa kumva. Munthu wamkulu wodwala malungo amamwa mapilitsi 24 a LA, anayi m'mawa anayi madzulo kwa masiku atatu. Piritsi lachinyengo lingafanane ndi lenileni maonekedwe ndi pepala lake lomwe, ndipo poti kutentha thupi kwa malungo kumabwera n'kumapita, wodwalayo akhoza kuganiza kuti akuchira. Tizilombo m'magazi sitinamizidwa. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mankhwala amodzi pa khumi alionse m'maiko osauka ndi apakati ndi achinyengo kapena osafika pamlingo. Apa palibe amene amatsutsa kuti kusiyana kosaonekako n'kofunika, chifukwa kumatha kupha.

Mtsutso weniweni uli pa zinthu zomwe phindu lake lili pa zomwe zinachitikadi, ngakhale thupi ndi mtima zisamve kusiyana. Ku Mangochi sitifunika kupita ku Harvard kuti tichione. Tengani nyama ya mbuzi yochinja mwa Chisilamu ndi ina yosachinja, muziphike mofanana. Lilime silingasiyanitse, m'mimba simungasiyanitse, dokotala sangasiyanitse. Mashehe amaphunzitsa kuti wodya mosadziwa alibe tchimo. Koma funsani Msilamu aliyense pamsika ngati zilibe kanthu kuti wabutchala wakhala akumugulitsa nyama yosachinja zaka zisanu malinga iye asadziwe. Akuyankhani kuti zili ndi kanthu, ndipo sakunena za tsiku lomwe adzazindikire ayi, akunena za zaka zisanu zomwezo. Iye ankafuna kukhala munthu wodya halaal, osati munthu womva ngati akudya halaal.

Katswiri wa filosofi Shelly Kagan wa payunivesite ya Yale anapereka fanizo la munthu wabizinesi yemwe anamwalira ali wokhutira, akukhulupirira kuti mkazi wake ndi ana ake amamukonda, anthu amamulemekeza ndipo bizinesi ikuyenda, pomwe zoona zake mkazi ankamuyenda njomba, ana ankangofuna chuma, anthu ankamuseka kumbali ndipo bizinesi inali ikugwa. Mumtima mwake munali chimodzimodzi ndi mwa munthu wokondedwadi. Ndani angafunire mwana wake moyo umenewo? Katswiri winanso wa filosofi, Thomas Nagel, m'nkhani yake ya 1970, anaiika bwino mfundoyi: munthu akazindikira kuti anzake anamupereka amamva chisoni chifukwa kuperekedwako kunali koipa kale, sikuti kunasanduka koipa pa tsiku lomwe wazindikira. Chisoni chimangobwera kudzachitira umboni bala lomwe linalipo.

Tsopano amayi anu. Akamafunsa za mwana wawo, chomwe akufuna n'chiyani? Akanakhala kuti akungofuna kumva phokoso la mawu ake, voice note yakale ikanawakwanira. Iwo akufuna kudziwa kuti kwinakwake ku Johannesburg kuli munthu amene akawotha dzuwa amakumbuka kuti ali ndi amake. Chimenechi kompyuta singachipange. Ingathe kupanga chikhulupiriro choti chilipo, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndi komwe kuli pakati pa nyama ziwiri zija.

Ndinene mwachilungamo kuti bala loyamba simunalipange ndinu. Mlongo wanu atangokhala chete, amayi anataya kanthu, kaya adziwe kaya asadziwe, ndipo kuwauza zoona sikubweza chomwe anatayacho. Koma taonani zomwe bodza laonjezerapo. M'nyumba mwanumo muli chikondi chenicheni: munthu amene amadzuka m'bandakucha kukachita geni, n'kuchotsako phindu lake kuti amake adye. Chikondi chimenechi mwachiveka malaya a munthu wina. Amayi akamapemphera, akudalitsa amene sanatumize kanthu. Akamauza anzawo za mwana wosamala, akutchula dzina lolakwika. Chinthu chimodzi chenicheni chomwe chikanawagwira mtima pa ukalamba wawo, choti ali ndi mwana wamkazi amene sanawataye, ndi chomwe chabisika. Kwa ine uku ndiye kutaya kwakukulu m'nkhani yanu, ndipo ofufuza za makina aja sakutchula kawirikawiri.

Ubale sungokhala wa mumtima wokha. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, ndipo anapeza kuti anthu omwe ali ndi ubale wolimba ndi ena mwayi wawo wokhalabe ndi moyo pa zaka zomwe ankawatsatira unali wokwera ndi theka poyerekeza ndi omwe ubale wawo ndi wofooka. Gawo lina la phindu limeneli limadzera m'kukhazikika kwa mtima, ndipo gawo limenelo bodza lingathe kulitsanzira kwa kanthawi, monga mwaonera kuti amayi ayambanso kudya. Gawo lina limadzera m'zinthu zogwirika: wina woona kuti miyendo yatupa, wina wokwera nawo kabaza kupita kuchipatala, wina wokumbutsa mapilitsi. Pamenepo mawu a kompyuta ali ngati LA wachinyengo uja.

Mpaka pano ndakhala ndikuvomereza mawu anu oti sadzadziwa. M'fanizo la Nozick zimenezi n'zotsimikizika chifukwa wolemba wangolamula kuti zikhale choncho. Ku Namwera palibe wolamula zotero, ndipo ming'alu yake ndi yambiri.

Woyamba uli pa mawu enieniwo. Mwana wanu sakunama kuti mapulogalamuwa alipo: mu Januwale 2023 kampani ya Microsoft inalengeza ina yotchedwa VALL-E yomwe inkatsanzira mawu a munthu itangomva masekondi atatu. Koma mapulogalamu otere anaphunzira kwambiri pa Chingerezi. Chichewa ndi Chiyao ndi zilankhulo zomwe kukweza ndi kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa mango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, khutu ndilo limasiyanitsa. Makina amaphonya pamenepa, amaphonyanso momwe mwana wa ku Namwera amasakanizira Chiyao ndi Chichewa polankhula ndi amake, dzina lachibwana lomwe amaitanirana, kakhosomoledwe, kasekedwe. Munthu amene maso anachita mdima amakhalira makutu, ndipo mawu amenewa anawamva kuyambira tsiku lomwe mwanayo analira koyamba. Komabe musatsamire pa mfundo iyi yokha, chifukwa makinawa akunka nakhwima chaka ndi chaka.

Mng'alu waukulu uli pa kucheza. Amayi sadzangomvera, adzayankha. Adzafunsa kuti ubwera liti, wamva za maliro a uje, mkazi wako ndi wakuti, bwanji sukuimba kuti tilankhulane pompano. Yankho lililonse lidzakhala bodza latsopano loti inu ndi mwana wanu mulikumbukire mofanana, mwezi ndi mwezi. Pa Disembala ndi pa Idi anyamata a ku Joni amabwera, ndipo mwaulemu amadzalonjera akuluakulu. Mmodzi adzakhala pamkeka n'kunena mosaganiza kuti mkulu uja masiku ano sakupezeka, ngakhale foni alibe. Ng'ala nayo imachiritsika: opaleshoni yake ndi yaifupi, ambiri amachotsedwa bandeji mawa lake n'kuyamba kuona, ndipo imachitika ku Zomba ndi ku Blantyre. Tsiku lomwe amayi adzaone, adzafuna video call. Mungafike poopa kuwapititsa kuchipatala cha maso kuti bodza lisaululike, ndipo pamenepo chinthu chomwe munayamba kuti muwathandize chayamba kuwamana thandizo. Ganiziraninso za mathero awiri omwe simungawalamulire. Mlongo wanu akhoza kutulukira, poti madzi saiwala khwawa, amayi n'kuyamba kumuthokoza pa ndalama ndi mauthenga omwe iye sakuwadziwa. Kapena kukhoza kubwera uthenga wa maliro wonena kuti anamwalira mwezi wathawu, pomwe amayi anamumva akuwalonjera Lachisanu lapitali.

Zikaululika, chowonongeka sichikhala cha tsiku limenelo lokha. Uthenga uliwonse womwe unawasangalatsa umasanduka chowawa akaukumbukira. Choopsa kwambiri n'chakuti amasiya kukhulupirira munthu amene amawapatsa chakudya ndi mankhwala. Wokalamba wosaona amene wayamba kukayikira dzanja lomwe limamupatsa piritsi ali pangozi yeniyeni ya thupi.

Pali china chomwe mwana wanu mwina sanachiganizire. Kwathu kuno mlongo wamkulu ndiye mwinimbumba. Mawu ake ali ndi mphamvu pa munda, pa ukwati wa ana anu, pa milandu ya pabanja. Lero mukufuna kuti mawuwo anene kuti "Amayi mwadzuka bwanji." Tsiku lina padzabuka mkangano wa malire a dimba, amayi adzati tamufunseni mwana wanga. Amene ali ndi foni ndiye adzakhale ndi mawu a mwinimbumba. Ngakhale inu mutakhala wolungama chotani, achibale akadzadziwa, chigamulo chilichonse chomwe chinapangidwa m'miyezi imeneyo adzachikayikira. Kumbukiraninso kuti mawuwo ndi a mwini wake, ndipo kuti apangidwe muyenera kuwatumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani yomwe simukuidziwa. Njira yomweyi ndi yomwe akuba angagwiritse ntchito kuimbira achibale ndi mawu a munthu wodziwika n'kupempha ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Banja lililonse lomwe lili ndi wachibale kunja lichite bwino kugwirizana funso limodzi loti yankho lake amalidziwa a m'nyumba okha.

Ndinanena kuti pali okalamba omwe nkhaniyi imasintha. Ndi omwe ali ndi matenda oiwalaiwala a ubongo: amafunsa funso lomwelo kangapo pa ola limodzi, amaiwala kuti adya, amasochera panjira yomwe ayenda moyo wawo wonse. Munthu wotere ukamuuza nkhani yowawa amalira, patapita kanthawi waiwala, ndipo akafunsanso ukamuuza amalira ngati akumva koyamba. Choonadi chomwe sichingakhazikike m'mutu chimangobweretsa ululu wobwerezabwereza. Osamalira odwala otere amatsata kwambiri njira ya katswiri wosamalira okalamba Naomi Feil, yoyankha zomwe zili mumtima mwa wodwalayo m'malo molimbana naye pa zomwe zinachitika: akafunsa za mwana wake, mumati mwamusowa eti, tandiuzeni anali wotani ali mwana. Palinso njira yowaseweretsa mawu ojambulidwa a achibale kuti akhazikike. Bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaunika njirayi mu 2017, linapeza kafukufuku atatu okha a anthu 144, ndipo linati umboni wake ndi wofooka kwambiri moti sitinganene kuti imathandiza kapena ayi. Ndipo mawu amenewo ankajambula achibale enieni, mwakufuna kwawo. Ndiponso m'midzi yathu, momwe okalamba oiwalaiwala amanamiziridwa ufiti, gogo wonena kuti amacheza ndi munthu amene mudzi wonse ukudziwa kuti anasowa mwamuika pamoto.

Kalata yanu sikusonyeza zimenezi. Amayi anu anawerenga miyezi, anaona kuti mwana wakhala chete, anamva chisoni, ndipo atamva kuti watumiza ndalama anasintha. Umenewo ndi mutu wogwira ntchito. Ali ndi ufulu wodziwa za mwana wawo ndi kusankha chochita: kumupempherera, kumukwiyira, kutuma munthu, kapena kumukhululukira.

Ngati mukukayikabe, pali njira yowafunsa osawauza. Madzulo ena mukucheza, afotokozereni ngati nkhani ya banja lina: mwana anatchona, achemwali ake n'kumanamiza mayi awo kuti akutumiza moni. Afunseni kuti iwo akuona bwanji. Mvetserani bwino. Okalamba ambiri amadziwa zambiri kuposa zomwe timaganiza, ndipo musadabwe mutapeza kuti anazindikira kale koma akungokusungirani ulemu.

Pomasula nkhaniyi musachite kuulula zonse tsiku limodzi. Yambani ndi kusiya kuonjezera: kuyambira lero pasakhale moni watsopano wopeka. Ndalama ya mwezi uno muipereke m'dzina lanu, munene kuti iyi ndi yanga amayi, geni yayenda. Akafunsa za mlongo wanu, yankhani zomwe zili zoona ndipo n'zopiririka: mwezi uno sindinamve kuchokera kwa iye, koma anyamata anamuona, ali moyo. Musanafike pa nkhani yaikulu apititseni akayezetse BP, ndipo onetsetsani kuti mankhwala alipo ndipo akumwa. Sankhani nthawi ya m'mawa atadya, osati usiku pomwe adzagone nazo okha. Pakhale munthu mmodzi wamkulu amene amamukhulupirira, kaya mchemwali wawo, shehe kapena abusa, osati gulu. Mawu ake akhale achidule: ndalama zija zinali zanga, ndinaopa mmene munkakanira chakudya, ndinalakwa kukubisirani. Musanene kuti mwana wanu anakutayani, chifukwa zimenezo simukuzidziwa. Chomwe mukudziwa n'chakuti ali chete.

Yembekezerani mkwiyo kapena kulira kwa masiku angapo, ndipo musakutenge ngati umboni woti mwalakwitsa. Chofunika kuyang'anira ndi chakudya, madzi, tulo ndi mankhwala. Ngati kukana chakudya, kusagona ndi kusafuna kucheza kwapitirira milungu iwiri, kapena ayamba kunena zofuna kufa, apititseni kuchipatala mukafunse oona za matenda a maganizo. Kukana chakudya komwe kunakuchititsani mantha poyamba kuja kukhoza kukhala matenda a kukhumudwa, omwe ali ndi chithandizo chake. Katswiri wa ku America Pauline Boss anafufuza kwa zaka zambiri za mabanja omwe wachibale anasowa popanda maliro, ndipo anapeza kuti chisoni chotere chimavuta chifukwa chilibe potsekera: palibe manda, palibe sadaka, palibe tsiku loti anthu abwere kudzapepesa. Chomwe chimathandiza ndi kuphunzira kunyamula zinthu ziwiri pamodzi, kuti mwina abwera, mwina sabwera, ndiponso kukhala ndi anthu ovomereza kuti chisonicho n'choona. Ku Namwera amayi omwe ana awo anatchona ndi ambiri. Kuwakhazika pamodzi awiri kapena atatu kumachita zomwe foni singachite.

Ma voice note akale aja musawataye. Aseweretseni amayi akafuna, mutawauza kuti awa ndi a chaka chakuti. Ndi mawu enieni a mwana wawo, onenedwa pa tsiku lomwe ankawakumbukadi, ndipo monga odwala a ku Seattle aja, akhoza kutonthozedwa akudziwa chomwe akumva.

Luso la mwana wanu wa ku koleji lipite pa kufufuza amalume ake. Amuna ambiri amakhala chete ku Joni chifukwa cha manyazi: ntchito inatha, mapepala anatha, foni inabedwa, kapena anagwidwapo n'kutsekeredwa ku Lindela, komwe amasungira alendo opanda mapepala, ndipo amaona kuti kuimba kumudzi wopanda chotumiza ndi kudzichotsa ulemu. Foni iliyonse yochokera kumudzi amaiona ngati ngongole. Choncho dzerani mwa anyamata omwe amamuona, mwa matransipota onyamula katundu, kapena mwa akuluakulu a mzikiti kapena tchalitchi chomwe Amalawi a dera limenelo amasonkhana. Zikakanika, a Malawi Red Cross ali ndi ntchito yolumikizanitsa achibale otayana, ndipo ku Johannesburg kuli ofesi ya kazembe wa Malawi. Uthenga wopita kwa iye ukhale wopanda chidzudzulo ndi wopanda pempho la ndalama, ndipo zimenezi zinenedwe poyera: sitikufuna kanthu, za pakhomo tikuzikwanitsa, amayi maso anachita mdima ndipo akufuna kumva mawu ako okha. Mupempheni voice note ya theka la mphindi, ngakhale pa foni yobwereka kwa mnzake, ndipo mumuuze tsiku ndi ola lomwe amayi adzakhale pafupi ndi foni ngati angafune kuimba.